Misere kapena ufa: kasefedwe ka madzi, mkodzo ndi mankhwala m'labotale

Ophunzira akabwera kudzazolowera ntchito m'labotale yathu kuno ku Zomba, tsiku loyamba ndimawaikira mabotolo awiri patebulo. Lina limakhala la madzi a mu Likangala, ofiira ndi matope a mvula ya usiku. Lina ndi la madzi a pachitsime cha m'mudzi, oyera mbee. Ndikafunsa kuti angamwe ati, palibe amene amazengereza, onse amaloza oyerawo. Timasefa onse awiri n'kuweruka. M'mawa mwake tikatsegula timbale tomeretsera tizirombo, si kamodzi kapena kawiri pamene madzi oyera aja atichititsa manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalemba pano ndondomeko yonse monga ndimawaphunzitsira, kuti inu amene mukukonzekera kafukufuku wa chaka chomaliza ku Chanco, ndi inu alangizi a zaumoyo amene mwapatsidwa bokosi loyezera madzi, mukhale ndi poyambira.

Yambani mwadziwa chimene mukufuna

Amayi akamasefa ufa, wosalala umagwera m'lichero, misere n'kutsala pamwamba. Kusefa kwa m'labotale n'chimodzimodzi, kungoti timabowo take ndi tating'ono moti diso silingatione. Chosefera chake ndi kapepala kozungulira, kopyapyala, kamene m'labotale timangoti membrane. Ine pano ndizikatchula kasefa. Musanatsegule kabati dzifunseni kuti lero mukufuna misere kapena ufa. Poyeza madzi akumwa kapena mkodzo, ntchito yonse ili pa zotsala pamwamba, madzi odutsawo ndi otaya. Poyeretsa mankhwala amene sapirira moto, mukufuna chimene chadutsa, kasefako ndi kotaya. Yankho lake ndilo limakuuzani kasefa koti mutenge.

Kukula kwa timabowo timakuyeza m'mamaikulomita. Tengani milimita imodzi pa lula, muigawe magawo 1,000. Gawo limodzi ndiye maikulomita. Tsitsi la m'mutu limanenepa mamaikulomita pafupifupi 70. Bakiteriya wa E. coli, amene amakhala m'matumbo a anthu ndi ziweto, amatalika mamaikulomita awiri okha. Choncho kasefa ka timabowo ta 0.45 kamamugwira bwinobwino, ndipo ndi kameneka timayezera madzi. Ka 0.22 ndi koyeretsera. Mazira a likodzo ndi zimphona powayerekeza ndi mabakiteriya, amatalika kupitirira mamaikulomita 100, ndiye amangofuna kasefa ka timabowo ta 12 kapena 20. Mavairasi ambiri amadutsa tisefa tonseti mosavuta, ndipo zimenezi muzizikumbukira wina akakufunsani ngati madzi osefedwa m'labotale angamwedwe.

Luso limeneli linayambira ku Göttingen m'dziko la Germany, kumene katswiri wa sayansi Richard Zsigmondy, yemwe analandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1925, ankapanga tisefa totere cha m'ma 1918, ndipo kampani ya Sartorius inayamba kutigulitsa patapita zaka zingapo. Kuyezera madzi akumwa kunafala pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mabomba ataphwanya mapaipi m'mizinda ya ku Germany, anthu akufuna kudziwa msanga ngati madzi ali bwino.

Ena amandifunsa za chitenje chimene agogo amasefera madzi. Musachiderere. Ku Bangladesh ofufuza anapeza kuti nsalu yakale ya sari ikapindidwa kanayi imagwira tizamoyo ta m'madzi timene tizirombo ta kolera timakakamirako, ndipo m'midzi imene anthu ankasefa chotere kolera inachepa pafupifupi ndi theka. Koma mipata ya nsalu yopinda choncho ndi ya mamaikulomita pafupifupi 20. Bakiteriya woyenda yekha amadutsapo ngati mbuzi pachipata.

Zofunika kukhala nazo

Kuti muyeze madzi mufunika tisefa ta 0.45 ta mamilimita 47 m'mimba mwake, tokhala ndi timizere ta timabokosi pamwamba, tosatsegula m'mapaketi ake. Mufunikanso fanelo yosefera pamodzi ndi chikho cholandirira madzi, pampu yokoka mpweya, yamagetsi kapena yamanja, forceps (kachitsulo kopanira) yopanda mano, timbale ta Petri, timapadi tomwa madzi, chakudya cha mabakiteriya, inkyubeta (bokosi lofungatira timbale pa kutentha kokhazikika), mabotolo ophikidwa mu autoclave (poto wophera tizirombo ndi nthunzi yotentha kwambiri), madzi a buffer (madzi otsukuluzira amene savulaza mabakiteriya) ophikidwanso, methanol, machesi, magolovesi, cholembera chosafufutika ndi buku. Mabokosi onyamula m'manja monga a DelAgua amabwera ndi zambiri mwa zimenezi, komanso batire ya mavoti 12 yoyendetsera inkyubeta.

Chakudya chimene ambiri timagwiritsa ntchito kumudzi ndi msuzi wofiira wotchedwa membrane lauryl sulphate broth. Muli shuga wa mumkaka amene mabakiteriya a m'matumbo amadya, mankhwala olepheretsa mabakiteriya ena ambiri kukula, ndi utoto umene umasanduka wachikasu pakakhala asidi. Sungunulani ufa wake m'madzi a distilled potsatira mlingo wolembedwa pachitini, thirani m'timabotolo ting'onoting'ono, muphike mu autoclave. Ndikunena timabotolo ting'onoting'ono dala: botolo lalikulu mukalitsegula lero, mawa ndi mkuja, tsiku lachitatu mudzapeza msuzi wachita mitambo. Msuzi wotero, kapena umene wayamba chikasu usanagwire ntchito, tayani.

Autoclave ifike madigiri 121 kwa mphindi 15. Ngati palibe, poto wa pressure cooker amagwira ntchito yomweyo.

Kutunga madzi

Zolakwika zambiri zimachitikira kuno, kutali ndi labotale, ndipo palibe makina amene angazikonze pambuyo pake.

Lembani botolo musanatunge: malo, tsiku, nthawi, mtundu wa gwero la madzi. Mukati mulemba mukafika, mudzaima ndi mabotolo 8 ofanana mukukanda m'mutu.

Ngati ndi pampopi, chotsani kampira kapena kansalu kamene anthu amamangirira kukamwa kwake, pukutani, tsegulani madzi ayende mphindi ziwiri. Tsekani, wambani kukamwa kwa mpopiwo ndi moto wa thonje lonyowetsa sipiriti, kenako tsegulaninso ayende pang'ono musanatunge. Mpopi wapulasitiki musauotche, upukuteni ndi madzi a kolorini. Madzi a m'mipopi ya m'tauni muno, ochokera ku damu la Mulunguzi, amathiridwa kolorini, ndiye botolo lotungira likhale ndi timadontho ta sodium thiosulphate tothiridwa lisanaphikidwe. Popanda mankhwala amenewa kolorini amapitiriza kupha mabakiteriya m'botolomo muli panjira, ndipo mudzalemba kuti madzi ali bwino pamene pa nthawi yotunga anali ndi tizirombo.

Pamjigo, pemphani kaye kwa akomiti ndi amayi amene ali pamzere, muwafotokozere chimene mwadzera. Pukusani kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'mapaipi achoke. Pachitsime chosaphimba, mangirirani botolo ku chingwe choyera chokhala ndi cholemetsa, mulitsitse osakhudza m'mbali, osafikanso pansi pa matope. Mumtsinje, kaya mu Likangala, mu Domasi kapena mu Thondwe, imani kumunsi kwa botolo, kukamwa kwake kuloze kumene madzi akuchokera, mulimize masentimita 20 kapena 30. Mukaima kumtunda ndiye kuti mukuyeza matope a kumapazi anu.

Chivindikiro musachiike pansi, ndipo chala chisakhudze m'kati mwake. Botolo lisadzaze thoo, siyani mpata wa zala ziwiri kuti mudzathe kulikhutchumula.

Pali chinthu china chimene ophunzira ambiri sachiganizira. Madzi a pamjigo akhoza kukhala abwino, koma mwana samwa pamjigo, amamwa a mumtsuko kapena m'chidebe cha m'nyumba, motungidwa ndi kapu imene aliyense amagwira. Ngati funso la kafukufuku wanu ndi la zimene anthu akumwa, pemphani mayi wa pakhomopo akutungireni ndi kapu yawo yomweyo, monga amachitira akamapatsa mlendo madzi, athire m'botolo lanu.

Ikani mabotolo m'bokosi lozizira la madzi oundana, kumdima, ndipo muwasefe pasanathe maola 6. Kuchokera ku Chinamwali, Matawale kapena Mpondabwino zimenezi n'zosavuta. Koma ngati mwakwera bwato ku Kachulu kupita pachilumba cha Chisi mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, nzeru ndi kunyamula bokosi lonse n'kukasefera komweko pamthunzi, pamalo opanda fumbi ndi mphepo.

Kusefa kwenikweniko

Pukutani tebulo ndi sipiriti, sambani m'manja, valani magolovesi. Lembani nambala pa kambale kalikonse. Ikani padi m'kambale, thirani msuzi mamililita awiri kapena kuposera pang'ono mpaka padi inyowe yonse, otsala muwakhuthule. Padi youma imapha mabakiteriya ndi njala, yosefukira imasungunula makoloni, timadontho ta mabakiteriya tomera pakasefa, n'kukhala phala losawerengeka.

Fanelo ikhale yophikidwa. Kumudzi kumene kulibe autoclave timagwiritsa ntchito methanol: umitsani fanelo ndi chikho chake, thirani methanol pafupifupi mililita imodzi m'chikhomo, yatsani, moto uyake masekondi ochepa, kenako vundikirani ndi fanelo yozondotsa kuti mpweya usalowe, musiye mphindi 15. Methanol akamayaka mpweya uli wochepa amatulutsa utsi wa formaldehyde, ndipo utsi umenewu ndi umene umapha tizirombo. Sipiriti wa m'sitolo kapena ethanol sachita zimenezi. Dziwaninso kuti moto wa methanol suoneka bwino masana, ndipo methanol yemweyo munthu akamwa amachita khungu kapena kufa kumene. Botolo lake lilembedwe moonekera, likhale kutali ndi ana amene amakuunjikirani mukamagwira ntchito m'mudzi.

Wambani nsonga za forceps pamoto, mudikire zizizire. Tisefa tambiri ndi topangidwa ndi cellulose nitrate, timayaka ngati udzu wouma. Ng'ambani paketi, gwirani kasefa m'mphepete mokha. Ngati kali pakati pa timapepala tabuluu, timeneto ndi tongotetezera, tayani. Ndaonapo munthu akusefera kapepala kabuluu, kasefa kenikeni atakaponya m'bini, akudabwa kuti madzi sakutsika. Ikani kasefa pachotsamira chake, mbali ya timizere ikuyang'ana kumwamba, mumange fanelo bwino kuti madzi asathawire m'mbali.

Madzi oyamba kusefa asakhale a m'botolo la kumudzi ayi. Yambani ndi mamililita 100 a buffer wanu wophikidwa uja, muwasefe ndi kuwaika m'kambale ngati madzi ena onse. Kambale kameneka timakatcha blank, ndipo ndi mboni yanu. Chitaninso chimodzimodzi pomaliza. Mawa pakamera kanthu pa blank, ndiye kuti tizirombo tinachokera ku zida kapena m'manja mwanu, ndipo zotsatira za tsikulo ndi zokayikitsa zonse.

Ine zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Chaka changa choyamba pantchito ndinasefa madzi a mumtsinje, kenako mothamangira nthawi ndinangotsukuluza fanelo n'kusefa a pamjigo wina, blank osapanga. M'mawa kambale ka mjigo kanali chikasu chokhachokha. Ndinali nditayamba kale kulemba kalata yoti mjigowo utsekedwe pamene bambo wina amene anandiphunzitsa ntchito anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, blank yanu ili kuti?" Tinabwerera kukatunganso. Mjigo unalibe vuto. Kalata ija ikanapita, mudzi wonse ukanabwerera kukamwa kudambo chifukwa cha fanelo yanga.

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi madzi amene ndikuwaganizira kuti ndi oyera, a mumtsinje pamapeto, ndipo fanelo ndimaiyeretsa pakati pa botolo lililonse.

Tsopano khutchumulani botolo mwamphamvu kokwana ka 25, chifukwa mabakiteriya amamatirira ku tinthu tokhazikika pansi. Madzi a pampopi ndi pamjigo thirani mamililita 100 mpaka pamzere wa fanelo. A pachitsime chosatetezedwa sefani kawiri, mamililita 10 ndi 100. A mumtsinje kapena m'nyanja ya Chilwa yambani ndi mililita imodzi ndi 10, ndipo nthawi ya mvula mungafunike kuwasungunula kaye ndi buffer. Pa botolo limodzi, yambani ndi mlingo wochepa. Mlingo ukakhala wochepera mamililita 10, thirani kaye buffer mamililita 20 mu fanelo, kenako madziwo, kuti mabakiteriya amwazike pakasefa ponse m'malo mounjikana pakona imodzi.

Popani mpaka madzi onse atsike. Tsukuluzani m'mbali mwa fanelo ndi buffer pang'ono, popaninso, kenako lekani. Kupitiriza kukoka mpweya pakasefa kouma kumavulaza mabakiteriya. Madzi akaima osatsika ndiye kuti matope atseka timabowo. Musakakamize, ndipo musakande kasefa ndi forceps. Tengani katsopano, muchepetse mlingo.

Masulani fanelo, nyamulani kasefa ndi forceps yowambanso, mukagoneke papadi, timizere kumwamba. Kagonekeni ngati mukuyala mphasa, mbali imodzi ikhudze kaye, kwinako kutsatire pang'onopang'ono, kuti mpweya usatsekeredwe pansi pake. Pamene pali thovu la mpweya msuzi sufika, ndipo palibe chimamera. Vindikirani.

Kufungatira ndi kuwerenga

Mabakiteriya a m'madzi amafika ali ofooka, ena atawawulidwa ndi kolorini kapena dzuwa. Mukawaponya mwadzidzidzi m'kutentha kwa madigiri 44 ena amafa. Ndiye apatseni nthawi yotsitsimuka: m'labotale maola 4 pa madigiri 30, kenako maola 14 pa madigiri 44. Kumudzi siyani timbale pamthunzi ola limodzi, osapitirira maola 4, kenako mu inkyubeta maola 16 mpaka 18. Timbale ta padi timakhala chivindikiro kumwamba. Ngati mukugwiritsa ntchito chakudya cholimba cha agar, tizondotseni kuti nthunzi isadonthere pa makoloni.

Chifukwa chiyani 44? Mabakiteriya ambiri a gulu la coliform amakhala m'dothi ndi m'zomera, ndipo kupezeka kwawo sikusonyeza chimbudzi. Pa madigiri 44 ambiri a iwo amalephera kudya shuga uja, pamene a m'matumbo amapirira. N'chifukwa chake kutentha kuyenera kukhazikika, kusapatuke kupitirira theka la digiri. Ikani choyezera kutentha m'katimo, muwerenge poika timbale ndi pochotsa. Magetsi akathima usiku inkyubeta n'kuzizira, monga zimachitikira m'nyengo yachisanu ya Juni kuno kutsinde kwa phiri, musadzinamize. Lembani m'buku zimene zachitika, mukatungenso. Ngati muli ndi batire, itchajeni dzulo lake.

Werengani pasanathe mphindi 15 chitulutsireni timbale, chifukwa timbale tikazizira chikasu chimayamba kuzilala. Bakiteriya mmodzi amene anagwidwa pakasefa amakhala ataswana usiku wonse mpaka kupanga kadontho kooneka ndi maso, kamene timati koloni. Werengani madontho achikasu okha, a milimita imodzi mpaka atatu. Apinki ndi oyera ngati madzi asiyeni. Tsatani timizere tija mzere ndi mzere ngati mukupalira, kuti musabwereze kapena kudumpha. Kambale kodalirika ndi kamene kali ndi makoloni pakati pa 20 ndi 60. Akachulukitsa amapanikizana, ena osakula, ndiye werengani kambale ka mlingo wochepa. Onse akadzaza, lembani kuti achuluka mosawerengeka, musapeke nambala.

Masamu ake ndi awa: makoloni, kugawa ndi mamililita amene munasefa, kuchulukitsa ndi 100. Tiyerekeze mwapeza 36 pa mamililita 10. Ndiye kuti ndi 360 pa mamililita 100. Mukapanda kupeza kalikonse pa mamililita 10, musalembe ziro, lembani kuti osakwana 10 pa mamililita 100, poti 90 enawo simunawaone.

Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapezeke ndi E. coli ngakhale mmodzi m'mamililita 100. Poika zitsime m'magulu timati 1 mpaka 10 chiopsezo n'chochepa, 11 mpaka 100 n'chapakati, 101 mpaka 1,000 n'chachikulu, kupitirira apo n'choopsa zedi. Komabe musalembe kuti E. coli pa dontho lililonse lachikasu, chifukwa ena monga Klebsiella amachitanso chikasu pa 44. Lembani kuti thermotolerant coliforms, kutanthauza ma coliform opirira kutentha, pokhapokha mwatsimikiza ndi mayeso a indole kapena mwagwiritsa ntchito agar wosintha mtundu, pamene E. coli amaoneka wabuluu woderapo.

Dziwaninso kuti mayeso amenewa sakuuzani kuti m'madzi muli kolera. Akukuuzani kuti chimbudzi chikufika m'madzimo, ndipo njira imene E. coli wadzera, kolera ndi taifodi akhoza kudzeranso. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unatikumbutsa kufunika kwa njira zimenezi, makamaka kwa asodzi a pa Chilwa okhala m'zimbowera, amene amamwa madzi a pamalo pomwe amakhalapo. Wofuna kupeza Vibrio cholerae weniweniyo, bakiteriya woyambitsa kolera, amasefa madzi ambiri, n'kuponya kasefa konse mu msuzi wotchedwa alkaline peptone water kwa maola 6 mpaka 8, kenako n'kudzala pa agar wa TCBS. Imeneyo ndi ntchito ya labotale yokonzeka, osati yapamthunzi.

Mazira a likodzo

Kuchigwa cha Chilwa, kumene ana amasambira m'ngalande za masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi, likodzo ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Nyongolotsi yake, Schistosoma haematobium, imakulira mu nkhono za mtundu wa Bulinus, imalowa pakhungu, n'kukaikira mazira m'mitsempha ya chikhodzodzo. Kusefa mkodzo ndiyo njira yowerengera mazirawo, ndipo siifuna inkyubeta kapena msuzi.

Musanatenge mkodzo wa mwana aliyense, khalani ndi chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, cha makolo, komanso mwanayo avomere. Pabotolo lembani nambala, osati dzina. Konzaninso ndi achipatala kuti opezeka ndi mazira alandire praziquantel, mankhwala a likodzo.

Mkodzo utengedwe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri, ndipo madontho omalizira asatayidwe. Musathiremo madzi, chifukwa mazira akamva madzi wamba amaswa. Khutchumulani botolo, poti mazira ndi olemera, amakhala pansi. Kokani mamililita 10 mu sirinji yopanda singano, lumikizani kachikho kokhala ndi kasefa ka mamilimita 13, kankhani pang'onopang'ono mkodzo ukugwera m'chidebe cha kolorini. Chotsani sirinji, kokani mpweya, lumikizaninso, kankhani kuti madzi otsala achoke. Tsegulani, ikani kasefa pagalasi mbali ya mazira kumwamba, donthezani ayodini wa Lugol, muone pa maikulosikopu ndi diso lokulitsa ka 10.

Dzira lake ndi lozungulira motalika, lili ndi kaminga kumapeto kwenikweni. La likodzo la m'matumbo kaminga kali m'mbali, ndipo limenelo timalifuna m'chimbudzi ndi njira ina. Yendani kasefa konse, osati pakati pokha, poti mazira amakonda kukankhidwira m'mphepete. Apa mwambi uja woti kuona maso a nkhono n'kudekha umakwanira ndendende. Mazira 1 mpaka 49 pa mamililita 10 ndi matenda ochepa, 50 kapena kuposa ndi ochuluka. Kusapeza dzira tsiku limodzi si umboni woti mwana alibe likodzo, chifukwa chiwerengero chimasintha tsiku ndi tsiku.

Ofufuza za m'nyanja nawonso amafuna misere. Amasefa madzi a Chilwa pa kasefa ka ulusi wagalasi kuti agwire ndere zing'onozing'ono n'kuyeza chlorophyll, utoto wobiriwira wa zomera, ndipo ena amasunga kasefa mufiriji yoziziritsa kwambiri kuti adzachotsemo DNA ya nsomba kapena tizirombo timene tinadutsa m'madzimo. Pa chlorophyll, kulungani kasefa m'pepala la foil msanga, kuwala kumaononga.

Pamene mukufuna ufa

Zinthu zina zikaphikidwa mu autoclave zimaonongeka: mankhwala monga ampicillin, mavitamini, seramu, urea. Zimenezi timaziyeretsa ndi kasefa ka 0.22 komangirira kunsonga kwa sirinji. Kale anthu ankayesa kuti 0.45 ndi yokwanira, mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene kunapezeka bakiteriya wamng'ono amene ankadutsa. Lero amatchedwa Brevundimonas diminuta, ndipo ndi amene opanga tisefa amayesera tisefa tawo toyeretsera.

Onani kaye kuti kasefako ndi kopangidwa ndi chiyani. Pa zinthu zokhala ndi mapuloteni sankhani PES, PVDF kapena cellulose acetate. Nayiloni amamata mapuloteni, ndiye mukhoza kutaya chinthu chomwe mumafunacho. PTFE ndi ya mpweya ndi mankhwala aukali osungunulira zinthu. Yambiri imakana madzi, mudzakankha mpaka thukuta.

Kokani mankhwala mu sirinji kasefa musanakamangirire, chifukwa kukoka chobwerera kudzera m'kasefa kumakang'amba. Tsegulani paketi mbali ya sirinji yokha, mangirirani, kenako kwezani osakhudza nsonga yotulukira. Gwirirani ntchito pafupi ndi moto kapena mu kabati ya mpweya woyera, mankhwala akugwera m'botolo lophikidwa kale. Kankhani mofatsa. Chala chikamva kulimba sinthani kasefa. Chikamva kuti kwapepuka mwadzidzidzi ndiye kuti kabooka, yambiraninso ndi botolo lina. Mankhwala a mitambo adutsitseni kaye pa 0.45. Amene mukulera maselo, dziwani kuti mabakiteriya ochepetsetsa otchedwa mycoplasma amatha kudutsa 0.22, ndiye pamafunika 0.1. Kasefa kamodzi, ntchito imodzi, ngakhale bajeti itavuta chotani. Tapani pang'ono pa zimene mwasefazo, muike mu inkyubeta usiku umodzi kapena uwiri. Zikachita mitambo musazigwiritse ntchito.

Musanaweruke

Kambale kamene dzulo kanali ndi mabakiteriya 40 lero kali ndi mamiliyoni. Musakatsegule pafupi ndi nkhope, ndipo musakataye m'bini ya mapepala kapena kudzala kumene ana amatola zoseweretsa. Tisefa, mapadi ndi timbale zilowe mu autoclave, zinyalala zotere zipatseni mphindi 30. Kumudzi ziwiritseni m'poto wosaphikira chakudya, kapena zimizeni m'madzi a kolorini wamphamvu, kenako mapadi ndi tisefa muziotche. Timbale tachitsulo tsukani, muphikenso, muumitse. Fanelo iume musanaitsekere m'bokosi.

Zotsatira zilembedwe m'buku tsiku lomwelo, pamodzi ndi za blank, kutentha kwa inkyubeta, nthawi yotunga ndi yosefa, komanso zimene munaona pamalopo: chimbudzi chapafupi, simenti yong'ambika pamjigo, ziweto zomwera pomwepo, mvula ya dzulo. Ngati chitsime chapezeka ndi makoloni ambiri, dziwitsani a zaumoyo a m'deralo tsiku lomwelo kuti anthu ayambe kuthira kolorini kapena kuwiritsa madzi, musadikire kuti lipoti lanu litayipidwe. Kwa amfumu ndi akomiti ya mjigo pitani ndi chithunzi cha kambale kawo pafoni, pambali pake pali cha blank, muwaonetse madontho achikasuwo mmodzimmodzi, kenako mugwirizane tsiku lodzatunganso simenti ikakonzedwa.